Jekete, tayi ndi mafunde: kuwoloka Atlantic pa Queen Mary 2

Loweruka, Southampton

Tafika masana ano, ine ndi mayi akunyumba, pa sitima ya pamtunda yochokera ku London Waterloo. Ulendo wake sukwana maola awiri, koma mapewa akuphwanya chifukwa cha katundu. Zovala za masana zakwana m'chikwama chimodzi chaching'ono. Sutikesi yaikuluyo yadzaza ndi za madzulo zokhazokha: suti yanga yakuda, malaya oyera, nsapato zopolisha, madiresi aatali a mayi ndi nsapato zawo. Mawa tikukwera Queen Mary 2, sitima ya kampani ya Cunard, mpaka ku New York. Ndi ulendo wa usiku 7, osaima pa doko lililonse.

Lamulo la zovala kampani imalinena poyera munthu asanalipire. Masana umavala zimene wafuna. Ikangokwana 6 koloko madzulo zinthu zimasintha, m'chipinda chodyera komanso m'malo ambiri ochezera, ovinira ndi oonera zisudzo. Madzulo ambiri ndi amene amawatcha Smart Attire: mwamuna malaya a kolala ndi buluku labwino, mkazi diresi, siketi ndi bulauzi, kapena buluku losokedwa bwino. Ndiye pali Gala Evening, yomwe pa ulendo wathu idzakhalapo kawiri. Pamenepo mwamuna amafunika tuxedo, yomwe ndi suti yapadera ya maphwando, kapena suti yakuda ndi tayi, mkazi diresi la phwando.

Ndinkafuna tayi ya kagulugufe, yomanga wekha ija. Mvula ikuwaza, tinalowa m'sitolo ina yogulitsa zovala zovalidwapo kale, imene ndalama zake amathandizira odwala. Mayi wachikulire wogulitsamo atangoona chimene ndikufufuza anafunsa ngati tikukwera sitima mawa. Anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi kodzaza matayi akuda, akuti anthu otsika m'sitima amasiya zambiri. Anandigulitsa mapaundi 4. Kwa mayi anawapatsa uphungu waulere: kamtaya ka ubweya koponya m'mapewa kasakusoweni, chifukwa m'zipinda zodyera mumazizira, ndipo nsapato za gogoda musazidalire tsiku limene nyanja yakwiya.

Tulo tikuvuta kubwera. Mayi akuopa madzi. Ine mantha anga ali pa tebulo: kukhala ndi anthu osawadziwa madzulo aliwonse kwa sabata yathunthu, osatha kuthawira kwina.

Lamlungu, tsiku lonyamuka

Lero lakhala tsiku lodikira. Masutikesi anatilandira panja pa doko, ife n'kukakhala m'holo yaikulu mpaka gulu lathu litaitanidwa. Pasipoti, chithunzi, kenako kakhadi kamodzi komwe ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chathu komanso chogulira. Muno zonse amawerengera madola a ku America. Chakudya cha m'chipinda chodyera chinalowa kale pa mtengo wa tikiti, koma chakumwa cha pa bala chili ndi mtengo wake, n'kuwonjezerapo 15 peresenti, ndipo tsiku lililonse pali ndalama ina ya ogwira ntchito imene imalembedwa pa khadilo. Munthu osasamala angadzadabwe tsiku lotsika.

Sitimayi ndi yaitali mamita 345. Anaipanga ku Saint-Nazaire m'dziko la France, inayamba kunyamula anthu mu 2004, ndipo imatenga okwera oposa 2,600 ndi antchito oposa 1,200. Chipinda chathu n'chamkati, chopanda zenera, chotchipa mwa zonse. Pa bedi tinapeza pepala la ndondomeko ya tsiku, ndipo kavalidwe ka madzulo ano kanalembedwa pamalo posavuta kuona. Mnyamata wosamalira chipinda chathu, wa ku Philippines, anati pepala ngati limeneli lizibwera madzulo aliwonse, kunena za mawa lake.

Atatiphunzitsa kokasonkhana ngozi itagwa, sitima inasuntha chakumadzulo. Tinaima panja mpaka chisumbu cha Isle of Wight chitayamba kuda, mphepo n'kutithamangitsira m'kati.

Usiku woyamba sukhala wa Gala. Mwambowu ndi wakale, wa nthawi imene anthu ankayenda ndi mabokosi akuluakulu a zovala omwe sankatha kumasulidwa tsiku lomwelo. Ngakhale lero chifukwa chake chikuoneka: sutikesi yathu yafika pakhomo kutatsala pang'ono kudya, suti ili makwinya okhaokha. Ndavala malaya a kolala ndi jekete wamba.

Timadyera mu Britannia Restaurant, chipinda cha nsanja ziwiri chokhala ndi masitepe okhota komanso nsalu yaikulu pakhoma yolukidwa chithunzi cha sitima. Tinasankha kudya mochedwa, 8:30, pa tebulo la anthu 6. Pali bambo wachikulire wa ku Scotland amene akuyenda yekha. Pali mayi wochokera ku India wokhala ku Leicester ndi mwana wawo wamkazi, wamkulu kale. Wotsiriza ndi mnyamata wa ku America amene akubwerera kwawo atagwira ntchito zaka zambiri ku London. Iyeyu wakwera sitima chifukwa cha galu wake, amene sakufuna kumuika m'mimba mwa ndege. Sitimayi ili ndi makola a agalu ndi amphaka pamwamba pake.

Kucheza kunayamba mozizira, aliyense maso pa pepala la zakudya. Ndinadya supu ya bowa ndi nsomba, mayi nyama ya nkhosa. Pakhomo ndinaona bambo wina atavala kabudula akulankhulitsidwa motsitsa mawu ndi mkulu wa operekera zakudya. Panalibe phokoso. Anamulozera chikepe, bamboyo n'kubwerera. Patapita kanthawi ndinamuona atakhala pa tebulo lake ali m'buluku.

Asanagone, munthu amabweza wotchi ola limodzi. Kupita chakumadzulo zimachitika usiku 5 pa ulendo wonse, kuti tikafike ku New York nthawi yathu ikufanana ndi yawo.

Lolemba, Gala yoyamba

Tinadutsa Bishop Rock, pafupi ndi zisumbu za Scilly, tili m'tulo. Podzuka mtunda kunalibe, madzi otuwa mbali zonse.

Chakudya cham'mawa ndi chamasana chilibe malamulo ambiri. Jinzi, juzi, nsapato zothamangira, zonse zimalowa. Chimene salola m'chipinda chodyera ndi zovala zosambira ndi mapazi opanda nsapato, ndipo zimenezo ndi zomveka kwa aliyense.

Masana onse athera ku chipinda chochapira. M'zipinda zogona salola simbi, chifukwa m'sitima moto ndi woopsa kuposa madzi. M'malo mwake muli tizipinda ta makina ochapira, sopo ndi simbi, zonse zaulere, ndipo tsiku la Gala anthu amadzazamo. Ndinapeza mzere wa azibambo, aliyense malaya oyera ali pa mkono. Kumeneko ndiye ndinamva kucheza kwenikweni koyamba pa ulendo uno. Bambo wina wa ku Germany ankasita kolala yekha kwa nthawi yaitali, wa kumbuyo kwake n'kumamulimbikitsa kuti asafulumire. Mayi wina wa ku Yorkshire ataona diresi la mayi anati nsalu ngati imeneyo isakhudze simbi, angolikoleka ku bafa n'kutsegula madzi otentha kuti nthunzi iwongole. Zinathekadi. Palibe amene anafunsa mnzake kuti amagona chipinda cha ndalama zingati. Tonse tinali ndi nkhawa imodzi, makwinya.

Cha m'ma 7 ndinali pa kalilole, tayi ya kagulugufe ikukana kukhala bwino. Mnyamata wa chipinda chathu anagogoda kudzasiya matawulo, ataona anaika matawulo pansi n'kunena kuti, "Bwana, kwezani chibwano." Anaimanga mwachangu, n'kuimasula, n'kundionetsa pang'onopang'ono kuti ndidzathe ndekha. Akuti anaphunzira pomangira alendo, sitima ndi sitima. Wakhala kunja kwa dziko lake miyezi yambiri, ana ake amawaona pa foni.

Mutu wa usiku uno unali Black and White, zakuda ndi zoyera. Titatuluka m'chipinda ndinadabwa ndi mmene njira yomwe ija yasinthira. Anthu amene masana amadutsana mothamanga ali m'majuzi tsopano ankayenda modekha, kupatsana njira, kugwedezerana mutu. Ojambula zithunzi anali atayala nsalu zawo pafupi ndi masitepe. Chithunzi chimodzi mtengo wake ndi wokwera, ife tinapempha mayi wina kuti atijambule pa foni, iye n'kutipempha zomwezo.

Mayi anali atavala diresi lakuda lofika m'mapazi ndi mkanda woyera. Tinakwatirana kalekale, koma potsika masitepe a Britannia ndinawayang'ana ngati ndikuwaona koyamba, ndipo ndinawauza. Anangoti, "Bambo, gwirani dzanja langa, sitimayi ikupendama."

Pa tebulo, bambo wa ku Scotland anabwera atavala kilt, nsalu ya madangamadanga ya banja lawo yofika m'mawondo, ndi jekete lalifupi la mabatani asiliva, masokosi aatali, kachikwama kachikopa kutsogolo. Mayi wa ku Leicester ndi mwana wawo anavala sari, wina yakuda ya mphonje zasiliva, wina yoyera. Zovala za ulemu za mtundu wa munthu zimaloledwa usiku wa Gala, ndipo kwa ine izi n'zimene zinakongoletsa chipinda chonsecho. Tuxedo ndi imodzimodzi pa aliyense. Sari ndi kilt zinatipatsa choyambira nkhani. Mtsikanayo anatifotokozera kuti sari ndi nsalu imodzi yaitali mamita 5 kapena kuposa, yosasokedwa, yongopinda ndi kukulunga, ndipo yoyerayo inali ya agogo ake. Bambo aja anati kilt yawo anaivala pa ukwati wawo. Akazi awo anamwalira, ndipo ankakonda ulendo uno. Anangonena zomwezo, n'kupitiriza kudula nyama. Mayi wa ku Leicester anawagwira pa mkono pang'ono, n'kuchotsa dzanja.

Mpando wa mnyamata wa ku America unali wopanda munthu. Woperekera zakudya anachotsa mbale ndi mafoloko ake mwakachetechete.

Chakudya chinali chambiri kuposa dzulo: nkhono za m'nyanja, supu, nyama ya ng'ombe yokutidwa ndi mtanda wophika mu uvuni, ndi chotsekemera chotentha chimene woperekera anachiboola pakati n'kuthiramo msuzi wake. Mafoloko ndi mipeni umayamba ndi zakunja kulowera m'kati, ndipo ukalakwitsa amangokubweretsera china osanena kanthu. Titamaliza tinapita ku Queens Room, holo yovinira ya m'sitimayi, kukaona ovina. Kumeneko kuli azibambo amene ntchito yawo ndi kuvina ndi azimayi oyenda okha. Tinabwerera miyendo ikunjenjemera ndi kutopa.

Lachiwiri, pakati pa nyanja

Nyanja yakwiya. Kapitawo polankhula 12 koloko masana, monga amachitira tsiku lililonse, ananena komwe tili, mphamvu ya mphepo ndi kuya kwa madzi pansi pathu, makilomita oposa 4. Chiwerengero chimenecho chandikhala m'mutu tsiku lonse. Zitseko zotulukira panja atseka. Pa zogwirira za masitepe apachika timatumba tosanziramo.

Mayi agona tsiku lonse ndi nseru. Mnyamata wa chipinda anabweretsa maapozi obiriwira, mabisiketi ouma ndi tiyi wa jinja, osamupempha. Usiku makoma ankalira ndipo mahang'ala ankagundana m'kabati. Ndachita mantha ndithu, ndapemphera.

Sindinavale za ku Britannia. Ndinakwera ndekha ku Kings Court, ndili m'juzi, kukatenga supu ndi buledi.

Lachitatu

Kings Court ndi malo odzitengera chakudya wekha, pa deki 7, kutanthauza nsanja ya nambala 7 ya sitimayi. Amene safuna kuvala za madzulo amadya kumeneko, ndipo pali malo ena ochepa, monga bala ya Golden Lion, kumene amaloledwa kucheza ali m'zovala wamba zaudongo. Dzulo ndinaonako mbali ina ya sitimayi imene Lolemba sindinaiganizire. Kunali makolo a ana aang'ono, okalamba oyendera ndodo amene kuvala kumawatengera mphamvu zambiri, odwala nyanja ngati ine, ndi ena ongofuna mtendere. Chakudya chinali chabwino ndithu, chotentha, chamitundumitundu. Palibe amene ankaoneka ngati wathamangitsidwa kwinakwake.

Kumeneko ndinakumana ndi mnyamata wa pa tebulo lathu, ndipo lero tayenda limodzi panja, mphepo itachepa. Njira yozungulira deki 7 ndi ya matabwa, ukaizungulira katatu wayenda kupitirira pang'ono mailosi imodzi. Ndinamuuza kuti tinamusowa. Iye anati suti ali nayo, ili m'bokosi limene latsogola kwawo. Anavala suti ndi tayi tsiku lililonse ku ntchito imene inamudwalitsa, ndipo tsiku losiya ntchitoyo anadziuza kuti khosi lake lipume kaye. Anawonjezera kuti malamulo a zovalawa ndi otsalira a nthawi imene olemera ankadyera pamwamba, osauka pansi.

Sananame. Kampaniyi inayamba mu 1840, pamene Samuel Cunard wa ku Halifax anatumiza sitima yotchedwa Britannia kuchoka ku Liverpool kupita ku Halifax ndi Boston itanyamula makalata. M'zaka zotsatira sitima za pa Atlantic zinagawa anthu m'magulu. A kalasi yoyamba ankasintha zovala madzulo aliwonse, ambiri ali ndi antchito owavalitsa, pamene anthu osamukira ku America ankadyera pansi atavala zomwe anali nazo. Ndege za jeti zitayamba kuwoloka nyanjayi mu 1958, sitima zinataya okwera, makalasi aja n'kutha pang'onopang'ono. Koma chotsalira chilipo. Pa sitima ino chipinda chimene wagula ndicho chimanena kodyera. A zipinda wamba timadyera mu Britannia, a zipinda zodula mu Princess Grill ndi Queens Grill, kumene ife sitingakadyeko.

Zimenezi ndimaziona ndipo sizindisangalatsa kwenikweni. Komabe ndinamuuza zimene ndinaona Lolemba. Masana m'pamene kusiyana kwa anthu kumaonekera, pa mawotchi, pa zikwama, pa mayina olembedwa pa majuzi. Usiku wa Gala, mu Queens Room, a ku Grill ndi ife a zipinda zopanda mazenera tinali pamodzi, ndipo tayi yanga ya mapaundi 4 palibe akanaisiyanitsa ndi ya wina aliyense. Lamulo limene linayamba posiyanitsa anthu, pa sitima ino ndaliona likuwafananitsa. Anaseka n'kunena kuti zimenezo n'zoona kwa amuna okha. Apanso sanalakwe. Ine suti imodzi ndi malaya awiri zandikwanira, pamene mayi anaganizira madiresi, nsapato, tsitsi ndi ndolo kwa milungu ingapo tisananyamuke, ndipo ndalama zambiri zinapita kumeneko.

Ananditengera kukaona galu wake. Eni ziweto amaloledwa kukacheza nazo pa maola oikika, ndipo pali wantchito wozisamalira. Galuyo ndi wamkulu, wofiirira, waubweya wambiri, ndipo mafunde a dzulo sanamusokoneze.

Madzulo mayi anadzuka, tinadya ku Britannia tonse 6. Mnyamatayo anavala malaya a kolala ndi buluku lakuda, zokwanira pa Smart Attire. Mayi wa ku Leicester, amene wayenda pa sitima zambiri, anati makampani sagwirizana pa nkhaniyi. Norwegian Cruise Line inayambitsa Freestyle Cruising mu 2000, kudya nthawi imene wafuna popanda usiku wokakamiza suti. Carnival ili ndi usiku wotchedwa Cruise Elegant, koma tuxedo ndi ochepa amene amavala. Cunard ndi imodzi mwa zimene zagwiritsabe mwambo. Uphungu wawo unali woti munthu awerenge lamulo la kampani asanagule tikiti, chifukwa wosankha molakwika amavutika mbali zonse ziwiri: wokonda kabudula amamangika pa sitima ngati ino, wokonda kuvala amakhumudwa pa sitima imene mnzake wa pa tebulo wabwera ndi kapusi kumutu.

Lachinayi

Tsiku lopuma. Tinakhala m'laibulale, kutsogolo kwa sitima, kuyang'ana madzi. Nthawi ya 3:30 tinapita ku tiyi wa masana mu Queens Room. Operekera amavala majekete oyera ndi magolovesi oyera, amalowa pa mzere atanyamula matipoti, anthu n'kuwawombera m'manja. Timasangweji ta nkhaka ndi mazira, masikono otentha a jamu ndi kirimu, makeke. Zonsezi zili mu tikiti. Anthu amabwera ndi zovala za masana, koma ndinaona ambiri atasintha malaya kapena kupesa tsitsi, ngakhale palibe lamulo lowauza.

Ndinaganiza za operekerawo. Ife tikudandaula za kuvala bwino maola atatu. Iwo amavala jekete ndi tayi m'mawa, masana ndi usiku, ataimirira, atanyamula mbale zotentha pansi pakupendama, miyezi yotsatizana. Wa pa tebulo lathu, wa ku Goa, nsapato zake zimawala nthawi zonse, ndipo amadziwa kale kuti mayi safuna ayezi m'madzi. Kufika pa tebulo limene munthu wotere wayala, ine ndili ndi malaya amakwinya, mtima wanga sungalole.

Pali chinanso chimene ndazindikira lero. Pa ulendo wopanda madoko masiku amafanana, kunja ndi madzi omwewo, wotchi ikubwerera m'mbuyo, chipinda chathu n'chamdima usana ndi usiku. Ola lokasamba ndi kusintha zovala ndi limene limatiuza kuti tsiku latha. Mayi akuti akanapanda kusintha zovala bwenzi atasokoneza kale Lachitatu ndi Lachinayi.

Lachisanu, Grand Banks, Gala yachiwiri

Tadzuka m'chifunga. Tili kum'mwera kwa Newfoundland, kumene madzi ozizira a Labrador amakumana ndi madzi ofunda a Gulf Stream, ndipo chifunga chimakonda kumeneko. Kuchokera pa deki sumaona ngakhale madzi. Sitima ikuliza lipenga lake mphindi ziwiri zilizonse, monga malamulo a panyanja amanenera. Kulira kwake kumalowa mpaka m'chifuwa. Limodzi mwa malipengawo linachotsedwa pa Queen Mary yoyamba, ya 1936. Ndinaima panja kanthawi kochepa, mantha n'kundibwezera m'kati.

Pa chakudya cham'mawa bambo wa ku Scotland anakumana ndi mnyamata wa ku America uja. Anamuuza kuti ali ndi tuxedo m'kabati imene sakuivala popeza ali ndi kilt, misinkhu yawo ndi yofanana, atha kubwereka. Mnyamatayo anaima, anawagwira chanza ndi manja awiri, anathokoza kwambiri, koma anakana. Anati akudziwa kuti akufuna kumuchitira zabwino, koma sanakonzeke. Bambo aja sanakakamize. Anangomupempha kuti akamwe limodzi ku Golden Lion ikatha Gala, kumene aliyense amaloledwa. Ndinalemekeza onse awiri. Ndikanakonda kuti abwere, mpando wopanda munthu umandiwawa, koma sitima inamusiyira khomo lina ndipo iye analigwiritsa ntchito popanda kusokoneza za ena. Wofuna kulowa mu Britannia ndi kabudula usiku wa Gala ndiye ndikanatsutsana naye, chifukwa anthu mazanamazana m'chipindamo anasita, ananyamula katundu wolemera, ena anasunga ndalama zaka kuti aone usiku umenewu.

Mutu wa lero unali Masquerade, usiku wa zophimba kumaso. Kutsatira mutu n'kosakakamiza. Zophimbazo amagulitsa m'sitolo ya m'sitima pa mtengo wokwera, ife sitinagule, koma mtsikana wa pa tebulo lathu anali ndi ziwiri, anapatsa mayi chimodzi cha nthenga zobiriwira. Tayi ndinamanga ndekha. Mayi anavala diresi lomwe la Lolemba, n'kusintha mkanda ndi kamtaya ka m'mapewa, nsapato zafulati. Azimayi ambiri anachita chimodzimodzi, ndipo ndikulemba izi kuti wina wokonzekera ulendo wotere asawononge ndalama pa madiresi ambiri.

Kumapeto kwa chakudya ophika anatuluka pa mzere atavala zipewa zawo zazitali zoyera, chipinda chonse n'kuwomba m'manja. Anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, anthu amene takhala tikudya za m'manja mwawo osawaona.

Ku Golden Lion tinakumana tonse 6: kilt, sari ziwiri, diresi lalitali, suti yanga ndi juzi ya mnyamata uja. Tinakhala mpaka pakati pa usiku. Bambo wa ku Scotland anatiuza zambiri za akazi awo, mmene ankavinira, mmene ankawakonzera kolala pakhomo la chipinda chodyera nthawi zonse ngakhale ili bwinobwino.

Loweruka

Tsiku lolongedza. Atipatsa timapepala ta mitundu tomangirira pa masutikesi, mtundu uliwonse ndi nthawi yake yotsikira. Masutikesi ayenera kukhala panja pa chitseko usiku uno kuti antchito awatsitse, n'chifukwa chake usiku wotsiriza sukhala wa Gala. Mnyamata wa chipinda anatikumbutsa kawiri kuti tisiye pambali zovala za mawa, nsapato, mankhwala ndi pasipoti, chifukwa sutikesi ikapita sitidzaionanso mpaka ku mtunda.

Ndinakaona ndalama zimene zalembedwa pa khadi lathu. Zambiri ndi za ogwira ntchito ndi zakumwa zochepa. Tinakonza maenvulopu awiri apadera, ya mnyamata wa chipinda ndi ya woperekera zakudya. Si lamulo, tinangofuna.

Chakudya chotsiriza chinali chophweka, anthu atavala zimene zatsala kunja kwa sutikesi, komabe malaya a kolala ndi madiresi. Tinalemberana manambala kumbuyo kwa pepala la zakudya, woperekera wathu n'kusainapo. Njira zonse zadzaza masutikesi, munthu ukuyenda chammbali.

Lamlungu, Brooklyn

Tinadzuka kusanache kuti tione sitima ikudutsa pansi pa mlatho wa Verrazzano-Narrows. Chumuni cha sitimayi anachipanga chachifupi dala kuti chizikwana pamenepo, ndipo pakati pake ndi mlatho pamatsala mamita ochepa. Kuzizira kunali koluma. Anthu anatuluka ndi makhoti pamwamba pa zogonera, ena atadzifunditsa mabulangete, tsitsi losapesa. Mlatho utadutsa pamwamba pathu anakuwa ndi chimwemwe.

Sitima yaima ku Red Hook. Tikudikira mu Queens Room kuti aitane mtundu wa kapepala kathu, tili ndi khofi ndi zikwama za m'manja. Mnyamata wa ku America watsika kale ndi galu wake, anabwera kudzatsanzika. Antchito akuyalula mabedi ndi kukolopa, chifukwa madzulo ano sitima ikunyamukanso ndi anthu ena. Kutsogoloku kuli mzere wa oona za olowa m'dziko, kenako kufufuza masutikesi athu m'holo, kenako takisi. Miyendo ikumvabe kupendama ngakhale sitima yamangidwa, ndipo mayi wa ku Leicester akuti zimatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti zithe. Aitana obiriwira, ndife amenewo.